Kodi Acule Amagwa ndi Mvula?

Caka cina, mvula yoyamba itagwa mwezi wa November, ndinalawira ku dimba langa m'mbali mwa mtsinje wa Lunkhwakwa ku Chipata. Pakati pa mizere ya ndiwo ndinapeza acule ambiri akufa. Mkulu wina wolima pafupi anati, "Bambo, awa agwa kumwamba usiku, ndipo afa pomenyeka pansi." Koma nchito yanga ya ukalaliki pa boma inandizoloweza kufuna umboni, cotero ndinayamba kufufuza.

Maganizo a mkuluyo ngakale ndithu, ndipo sali a kwathu kokha. Tili ana, agogo ankatiuza kuti finye amatsika ndi mvula. Mgriki wina, dzina lace Heraclides Lembus, amene anakhala zaka zoposa 2,000 zapitazo, analemba kuti ku Paeonia ndi ku Dardania kunagwa acule ocuruka kotero kuti anthu anathawa dziko lao. Mbiri zotere zinamvekanso ku Trowbridge m'dziko la England mu 1939, ndi ku Odžaci m'dziko la Serbia mu 2005. Odziwa za nyengo amati kamvulumvulu wamphamvu akadzera pa thamanda akhoza kunyamula madzi ndi tizirombo tace, nakatitaya patali.

Koma kawirikawiri acule sacokera kumwamba, acokera pansi. M'cilimwe finye amadzikwirira m'nthaka, ndipo mvula ikafewetsa dothi amaturuka usiku umodzi. Mbululu nazo zikamera miyendo zimasiya madzi pamodzi, zikwizikwi. Munthu amene anagona pabwalo pali mbee, nadzuka pali acule okhaokha, angaleke bwanji kuloza kumitambo? Ngakhale acule a ku Aigupto, amene tinawerenga za iwo m'buku la Eksodo pa sukulu ya mishoni, anakwera kucokera m'mtsinje.

Nanga za imfa yao? Apa a ku England atiphunzitsa kanthu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, eni nyumba kumeneko ankapeza acule akufa m'timaiwe ta m'minda yao ya maluwa. Mu 1992 akatswiri a zinyama anapempha anthu kuti azinena za imfa zotere, ndipo zinapezeka kuti ambiri anali kufa ndi nthenda yochedwa Ranavirus. Mu 1998 kunadziwika nthenda yina, ya nkhungu yogwira pakhungu, ndipo mu 2019 akatswiri anawerenga kuti yacepetsa mitundu 501 ya acule ndi abale ao, ndi kuti mitundu 90 iyesedwa kuti inatheratu.

Cule samwa ndi pakamwa monga ife, amamwa ndi khungu. Cifukwa cace coipa ciriconse ca m'madzi cimamlowa msanga. Pofunsafunsa ndinamva kuti dzulo lace anyamata anapopera mankhwala pa matimati, natsukira mpope wao m'ngalande yolowa m'dimba langa. Mvula inatsiriza nchitoyo. Nditamuuza mkulu uja anakhala cete, kenaka anati, "Madzi omwewo adzukulu anga amasamba."

Mau amenewo ndiwo anandilembetsa nkhaniyi. Makolo athu ankamvera kulira kwa acule kuti adziwe kuti nthawi yobzala yayandikira, ndipo acule omwewo amadya tizirombo toononga mbeu, osalipidwa. Akale anati cule anadabwa m'madzi muli mwace. Ngati mwini madzi wadabwa kufikira kufa, ife akumtunda tisanyalanyaze.

Inu okhala m'tauni amene muli ndi madimba, mukapeza acule akufa musathamangire kunena kuti agwa kumwamba, kapena kuti mnansi walodza munda. Yambani mwayang'ana kumene madzi anu acokera, muuze mlangizi wa zaulimi, ndipo mpope wa mankhwala muzitsukira kutali ndi mtsinje.