Mabatani 12 a pa chipata cha Mwanza

Makampani opanga mafoni a m'manja akhala akulimbana ndi batani kwa zaka zoposa 15. Adayamba ndi kuchotsa a manambala, kenako lija lapakati lobwezera munthu poyambira, ndipo tsopano maso awo ali pa atatu otsala m'mbali: loyatsira, lokwezera mawu ndi lotsitsira. Ku Cupertino ndi ku Shenzhen, kwawo kwa ena mwa makampaniwa, imeneyi ndi nkhani ya kukongola kwa foni. Pa chipata cha Mwanza, pamene mathiraki amandanda kudikira kuwolokera ku Zobue m'dziko la Mozambique, batani likudyetsabe anthu, ndipo mbiri yake kumeneko ndi yaifupi kuposa momwe achinyamata amaganizira.

Mwanza ndi boma la anthu apaulendo. Msewu wopatukira pa Zalewa umadzera pa boma n'kukwera mpaka kuchipata, kenako kupitirira ku Tete, ku Nyamapanda, ku Harare mpaka ku Joni. Kwa zaka zambiri uthenga unkayenda ndi anthu omwewo. Mayi wofuna kudziwitsa bambo a kunyumba ali kumigodi kuti mwana wadwala ankalembetsa kalata kwa mwana wa sukulu n'kudikira yankho kwa milungu. Zadzidzidzi zinkapita pa telegalamu ku positi ofesi, komwe liwu lililonse linali ndi mtengo wake, ndipo za maliro ambiri ankazimvera pa wailesi ya MBC. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, ngakhale dalaivala wopatsidwa kalata pamanja ankadutsa njira ya Tete moperekezedwa ndi asilikali.

Lamya inalipo, koma inali ya m'maofesi: kwa DC, kupolisi, kuchipatala. Batani inalibe. Woimba ankalowetsa chala m'kabowo ka nambala, n'kuzunguza mpaka chala chigunde kachitsulo, n'kutaya kuti chozunguzacho chibwerere chokha. Nambala yochuluka ma 9 ndi ma 0 inkayesa mtima wa munthu, ndipo chala chikaterereka panjira ankayambiranso poyamba. Pofika chaka cha 2000, m'dziko la anthu oposa 10 miliyoni, lamya za mawaya sizinkakwana 50,000, zambiri zili m'mizinda. Ndiye kwa anthu ambiri a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi ku Thambani, foni yoyamba kuigwira inali kale ya mabatani. Yozunguza ija adangoilumpha.

Mabataniwo anali atachokera kutali. Kampani ya Bell ku America idayamba kupereka lamya zodina mu Novembala 1963, m'matauni a Carnegie ndi Greensburg ku Pennsylvania. Zinali ndi mabatani 10 okha. La nyenyezi ndi la # adabwera patapita zaka zingapo, ndipo kwa nthawi yaitali eni lamya m'makomo sankaona kuti ndi a chiyani. Amene adatsogolera kafukufuku wa kasanjidwe ka manambala ndi John Karlin, katswiri wa kaganizidwe ka anthu yemwe adabadwira ku Johannesburg. Gulu lake lidayesa kuwaika mozungulira, mopingasa ndi m'mizere iwiri, mpaka lidakhazikika pa 1, 2, 3 pamwamba ndi 0 pansi penipeni. Pa kakyuleta zidakhala mozondoka, 7, 8, 9 ndiwo ali pamwamba. Osintha ndalama pa chipata, amene amagwira foni dzanja lino kakyuleta dzanja linalo powerengetsa makwacha, mametikali ndi marandi, amadumphadumpha pakati pa masanjidwe awiriwa tsiku lathunthu chala osaphonya.

Kuno ku Malawi, kampani ya mafoni a m'manja ya TNM idakhazikitsidwa mu 1995 ndi kampani ya Telekom Malaysia pamodzi ndi bungwe la boma loona za mtokoma ndi lamya. Celtel idabwera mu 1999, n'kudzasanduka Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Poyamba foni inali ya mabwana, yopachika pa lamba kuti aliyense aione. Zinthu zidatembenuka kutabwera mayunitsi okala pa khadi ndi mafoni otsikirako mtengo a Nokia: 3310 ya mu 2000, yomwe inkagwa pa simenti n'kumwazika, mwini wake n'kuitolera, kuibwezeretsa, iyo n'kuyaka, komanso 1100 ya mu 2003, yomwe idagulidwa yoposa 250 miliyoni padziko lonse. Opanga 1100 ankalinga misika ya fumbi ngati ya kuno. Mabatani ake anali pa labala imodzi yosalola fumbi kulowa, m'mbali munali mosaterera, kumutu kuli katochi. Katochi kameneko kadaunikira makope a ana, njira ya kumunda mbandakucha ndi mkati mwa injini zofera pamsewu. Mafoni ambiri, atsopano ndi a kaunjika omwe, adalowera pa chipata cha Mwanza chomwechi m'zikwama za obwera ku Joni.

Kulemba uthenga pa mabatani amenewa linali luso lofunika kuliphunzira. Zilembo 26 zidagawidwa pa mabatani asanu ndi atatu. Kuti munthu alembe zikomo ankadina ka 16: kanayi pa 9 kuti z atuluke, katatu pa 4, kawiri pa 5, kenako o, m ndi o wina, onse atatu pa batani la 6, kotero ankayenera kupumira pakati kuti foni isamulumphire chilembo. Njira yolosera mawu ya T9 inkadziwa Chingerezi, ndipo wolemba Chichewa ankayamba waizimitsa kaye. Uthenga umodzi unali wa zilembo 160, ukapyola apo unkadya mayunitsi a mauthenga awiri, n'chifukwa chake anthu adazolowera kudula mawu mpaka agogo kulephera kuwerenga zimene mdzukulu walemba. Pa batani la 5 pankakhala kachiphuphu koti chala chidziwe pamene chili. Kadaikidwa poganizira anthu osaona, koma ana a sekondale ndiwo adakagwiritsa ntchito kwambiri, kulemba uthenga wathunthu foni ili m'thumba, maso ali kwa aphunzitsi.

Batani lobiriwira ndi lofiira nawo adayambitsa kuflasha. Munthu ankaimba n'kudula foni isanayankhidwe, ndipo kulira kumodziko kunkatanthauza zimene awiriwo adapangana, kaya ndiimbireni, kaya ndafika. Wodula mochedwa ankalira mayunitsi ake. Amene analibe foni ankaimbira pa tebulo la pansi pa ambulera, mwini wake akuyang'anitsitsa masekondi.

Kusintha kwakukulu kudadza ndi ndalama za pa foni. Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mabatani awiri aja amene anthu a ku America adasowa nawo chochita adasanduka khomo la banki: *211# ndi *444#. Njira imeneyi siifuna intaneti kapena bandulo, imayenda pa netiweki ya 2G ndipo foni iliyonse imaitha. Mlimi wa manachesi amapangana mtengo ndi wogula wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, n'kulandira ndalama ali pansi pa mtengo, zala zili nakanaka ndi madzi a zipatso. Galasi la foni ya tachi limasokonezeka ndi zala zonyowa, pamene batani limangomvera. Wogula magetsi a ESCOM amalandira manambala 20 pa foni n'kukawadina pa mabatani a mita. Kuyambira mu 2014 woimba 321 pa Airtel amamva malangizo a ulimi ndi zaumoyo m'Chichewa podina nambala imene wauzidwa, ndipo Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chidayambira ku Balaka mu 2011, chimapezeka pa 54747. Zonsezi zidamangidwa poganizira munthu wokhala ndi mabatani 12.

Pa malire palinso china. Mafunde a netiweki sadindidwa chiphaso, ndipo m'midzi ya m'mphepete foni imatha kukoka Vodacom kapena Movitel ya ku Mozambique, yomwe idayamba mu 2012 ndipo idalowa kwambiri kumidzi. Wamalonda wowoloka tsiku ndi tsiku amafuna manambala a mbali zonse ziwiri. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, mwini wa Tecno ndi itel, idaona msanga zimenezi m'maiko a mu Africa n'kudzaza misika ndi timafoni ta mabatani tolowa masimu khadi awiri kapena kuposerapo, tokhala ndi wailesi ndi batire lokhalitsa masiku. Nokia idagwa pampando, batani lidatsala.

Foni ya tachi idatchuka pamene Steve Jobs adaonetsa iPhone mu Januwale 2007, akunyoza mafoni a nthawiyo kuti gawo la m'munsi la nkhope yawo lidadyedwa ndi mabatani osasintha. Ku Mwanza idafika mochedwerapo, kudzera mwa Samsung, Huawei ndi Tecno yomweyo, ndipo palibe angakane ubwino wake. Othandiza amalonda kuombola katundu amatumizirana zithunzi za mapepala pa WhatsApp thiraki isanafike. Mayi wosadziwa kulemba amajambula mawu ake n'kutumiza kwa mwana ku Cape Town, chinthu chimene Nokia 1100 sikadachita. Komabe yang'anani m'manja mwa maejenti ndi akabaza: ambiri ali ndi mafoni awiri, yaikulu ya WhatsApp ndi kakang'ono ka mabatani ka ndalama ndi kuimba. Chifukwa chake n'chosabisika. Kalembera wa 2018, yemwe adapeza anthu pafupifupi 131,000 m'boma la Mwanza, adaonetsa kuti m'dziko muno mabanja opitirira theka pang'ono anali ndi foni, koma owunikira magetsi anali pafupifupi limodzi pa mabanja khumi alionse. Foni yofuna chaja madzulo alionse imatanthauza ulendo ndi ndalama zolipira kotchajitsa.

Nanga makampani akudana nalo chiyani batani? Pamene pali batani pali mpata, ndipo pa mpata pamalowa madzi ndi fumbi. Chinthu choyenda chimatha, komanso chimadya malo amene akadapatsidwa batire kapena galasi lopindikira m'mbali. Apple idayamba ndi kunamiza chala: pa iPhone 7 ya mu 2016 batani lapakati silinkalowa m'kati, kamakina kankangonjenjemera kuti wodina amve ngati ladinika. Mu 2017 iPhone X idalichotseratu. HTC U12+ ya mu 2018 idaika m'mbali timalo tomva kupsinja m'malo mwa mabatani enieni, ndipo oigula adadandaula kuti nthawi zina sitimva, nthawi zina timadinika tokha. Mu 2019 Meizu ndi Vivo adaonetsa mafoni opanda batani kapena bowo lililonse, koma sadafike nawo pamsika weniweni. Chaka chomwecho Huawei idachotsa mabatani a mawu pa Mate 30 Pro, n'kuwabwezeretsa pa Mate 40 Pro chaka chotsatira. Apple yomwe, imene mphekesera zinkati ichotsa onse, idaika batani latsopano pa iPhone 15 Pro mu 2023, n'kuwonjezera lina la kamera pa iPhone 16 mu 2024. Opanga magalimoto nawo akubwerera m'mbuyo, poti bungwe loyesa chitetezo cha magalimoto la Euro NCAP lidalengeza kuti kuyambira 2026 galimoto yofuna nyenyezi zisanu iyenera kukhala ndi zodina zenizeni za ma indiketa, hutala ndi zopukutira galasi.

Amene angafotokoze bwino nkhaniyi ndi okonza mafoni a pamsika, aja okhala ndi tebulo lodzaza timasikuluwu, burashi ya mano ndi chowotcherera. Foni ya mabatani ikasiya kudinika amaitsegula, kupukuta litsiro pansi pa labala, kusintha kachitsulo kofufuma kamene kaphwa, mwini wake n'kumapita. Foni ya tachi ikauma, galasi osamva chala, chopulumutsa chimakhala batani: amagwira loyatsira pamodzi ndi la mawu kwa masekondi angapo kuti izime n'kuyakanso, kapena kuti alowe momwe amaikonzera mapulogalamu. Batani longonjenjemera limadalira magetsi ndi pulogalamu ya foni yomwe yafayo. Makampani akuluakulu ali ndi mayankho awo pa vutoli, koma mayankhowo amakhala m'masitolo awo a m'mizinda ikuluikulu, ndipo wokonza wa pa Mwanza amakumana ndi foniyo itatha zaka zinayi, itasweka kale pakona.

Mabatani atatu a m'mbaliwo mwina adzathadi pa mafoni a mitengo yokwera, ndipo Mwanza adzaziona pang'onopang'ono m'zikwama za obwera ku Joni. Choopsa chenicheni kwa mabatani 12 aja chili kwina. Timafoni tambiri totsika mtengo timayendera 2G basi, ndipo maiko ena adayamba kale kuzimitsa netiweki imeneyi kuti mafunde ake apatsidwe 4G ndi 5G. Boma la South Africa lidalengeza cholinga chozimitsa 2G ndi 3G. Tsiku limene nkhani yotereyi idzafike pa tebulo la MACRA, TNM ndi Airtel, ayambe awerenga kuti ndi agogo angati, anthu osaona angati ndi alimi angati a kwa Govati ndi ku Thambani amene ndalama zawo zimadutsa pa kafoni ka mabatani, ndiponso kuti foni ya 4G adzaigula ndi chiyani.