Kuphatikiza Miyeso Yopitirira Kukhala Magulu m'Mapulogalamu a Ziwerengero

Pa kafukufuku wa ziwerengero, chinthu chilichonse chimene chimayezedwa ndi kulembedwa pa munthu aliyense, chimenenso chimasiyana pakati pa munthu ndi mnzake, akatswiri amachitcha variable, kapena kuti muyeso. Miyeso ina ndi yopitirira, kutanthauza kuti ingathe kugwera pa nambala iliyonse popanda kudumpha, monga msinkhu, kulemera kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, pamene ina ndi ya magulu, imene imangoika munthu mbali imodzi mwa mbali zingapo zodziwika kale. Wofufuza akatenga miyeso yopitirira iwiri kapena kuposerapo n'kupanga muyeso umodzi wa magulu, amakhala akuyankha funso limene dokotala kapena wokonza mapulani aboma amafunsa kawirikawiri, loti ndani ali pangozi ndipo alipo angati.

Njira yodziwika kwambiri ndi kuyamba mwaphatikiza miyesoyo kukhala nambala imodzi, kenaka n'kuidula m'zigawo. Chitsanzo chake ndi BMI, imene imapezeka pogawa makilogalamu a munthu ndi msinkhu wake wa m'mamita wochulukitsidwa ndi iwo womwewo. Kawerengedwe kameneka kanachokera kwa Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, ndipo dzina limene kali nalo lero linafala kudzera mwa Ancel Keys mu 1972. Bungwe la WHO limaika wamkulu wosafika 18.5 m'gulu la owonda mopitirira, wa 18.5 mpaka 24.9 m'gulu la thupi loyenera, wa 25 mpaka 29.9 m'gulu la onenepa, ndipo wa 30 kupita m'mwamba m'gulu la onenepa kwambiri. Njira ina siphatikiza manambala, koma imawayang'ana onse pamodzi potsata lamulo. Munthu amawerengedwa kuti ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ngati, mwa nambala ziwiri zimene zimapezeka pomuyeza, yapamwamba yafika 140 kapena yapansi yafika 90, ndipo liwu loti "kapena" likasinthidwa n'kukhala "ndi", anthu ambiri odwala amatayika m'chiwerengerocho.

Mapulogalamu a pakompyuta monga SPSS, Stata ndi R onse ali ndi malamulo ochitira ntchitoyi. Mu SPSS muli COMPUTE ndi RECODE, mu Stata muli generate, replace ndi recode, ndipo mu R muli cut ndi ifelse. Kulemba malamulowa sikuvuta, koma zolakwa zimabisala m'malire ndi m'mipata imene sinadzazidwe. Lamulo la cut mu R, likapanda kuuzidwa mwina, limaika nambala ya pamalire penipeni m'gulu lapansi, moti munthu wa BMI ya 25 amagwera kwa a thupi loyenera, mosemphana ndi WHO, pokhapokha wolemba atawonjezera right = FALSE. Stata nayo imaona malo opanda yankho, amene imawalemba ndi kadontho, ngati nambala yoposa nambala zonse. Choncho lamulo loti aliyense wofika 140 aikidwe m'gulu la odwala limakokeramo ngakhale anthu amene sanayezedwe n'komwe, ndipo pulogalamuyo sichenjeza chilichonse. Wofufuza wosamala amayala muyeso watsopanowo pambali pa miyeso yoyambirira, naona nambala yaing'ono ndi yaikulu ya gulu lililonse asanapitirire.

Vuto lalikulu silili m'kompyuta, koma m'kudula komweko. Munthu wa BMI ya 24.9 ndi wa 25.1 amasiyanitsidwa ngakhale kuti matupi awo ndi ofanana, pamene wa 30 ndi wa 45 amakhala m'gulu limodzi. Jacob Cohen anaonetsa mu 1983 kuti kugawa pawiri muyeso wopitirira, poudula pakatikati, kumafooketsa kafukufuku ngati kuti munthu wataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu amene anawayeza, ndipo Patrick Royston, Douglas Altman ndi Willi Sauerbrei anatsutsanso mchitidwewu mwamphamvu mu 2006. Choipa koposa ndi kuyesa malire osiyanasiyana mpaka atapezeka amene akubweretsa zotsatira zokondweretsa, chifukwa zotsatira zoterozo sizibwerezeka pa anthu ena. Malire ndi chigamulo cha anthu, ndipo amasuntha. Mu 2017 mabungwe a madokotala a mtima ku United States anatsitsa malire a kuthamanga kwa magazi kufika pa 130 ndi 80, ndipo akuluakulu owerengedwa kuti ali ndi vutoli anakwera kuchoka pa 32 kufika pa 46 mwa 100 alionse, popanda thupi la munthu kusintha.

Izi sizitanthauza kuti magulu alibe ntchito. Kupinimbira kwa ana kumadziwika pophatikiza msinkhu ndi zaka za mwana, n'kuziyerekeza ndi miyeso ya kakulidwe imene WHO inatulutsa mu 2006, ndipo ndi njira imeneyi imene kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapezera kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Nambala yotere imamveka kwa aliyense ndipo imathandiza kuyerekeza chaka ndi chaka, malinga ngati malire ake sanasinthidwe. N'chifukwa chake magulu ayenera kupangidwa ngati muyeso watsopano, malire ake alembedwe poyera asanayambe kusanthula, ndipo manambala oyambirira asafufutidwe.