C111: Benzi Imene Olemera Anailirira Koma Sinagulitsidwe

Mu Seputembala 1969, kampani ya Mercedes-Benz inavundukula galimoto yachilendo pa chionetsero cha ku Frankfurt m'dziko la Germany. Inali yaifupi msinkhu, ya mipando iwiri, yamtundu wa lalanje, ndipo zitseko zake zinkatsekukira m'mwamba ngati mapiko a mbalame. Thupi lake linali la pulasitiki wolimba womatidwa pa chitsulo. Injini sinali kutsogolo monga tinazolowera m'maminibasi ndi m'malole a mpunga, koma kumbuyo kwa dalaivala, matayala akumbuyo asanafike, kuti kulemera kukhale pakati ndipo galimoto isaterereke pokhota. Dzina lake linali C111. Anthu achuma anatumiza ku likulu la kampaniyo ku Stuttgart macheke osalembapo mtengo, kuti kampani ilembepo yokha ndalama zimene ikufuna, koma onse anabwerera chimanjamanja. Okonda magalimoto ambiri mpaka lero amati uku kunali kutaya bomwetamweta. Ine ndikuona kuti Mercedes inachita bwino, ndipo chifukwa chake chili mu injiniyo.

Injini ya C111 inali ya mtundu umene anatulukira Felix Wankel. Makaniko aliyense wa pa Liwonde amadziwa pisitoni yokwera ndi kutsika m'silinda. Ya Wankel ilibe zimenezo. M'malo mwake muli chitsulo cha ngodya zitatu chimene chimazungulira m'chibowo chooneka ngati khoko la mtedza wa njere ziwiri, ndipo pozungulirapo chimakoka mafuta, kuwapanikiza, kuwayatsa ndi kutulutsa utsi. Zitsulo zoyenda ndi zochepa, injini ndi yopepuka, ndipo sinjenjemera. Ya mu 1969 inali ndi zozungulira zitatu ndi mphamvu ya akavalo 280. Pofika Malichi 1970, ku chionetsero cha ku Geneva, kunabwera yachiwiri ya zozungulira zinayi, akavalo 350, yotha kuthamanga makilomita 300 pa ola. Pa liwiro limenelo mtunda wa makilomita 50 umatha m'mphindi khumi.

Koma injini yokoma pa chionetsero ndi ina, yopirira zaka m'manja mwa wogula ndi inanso. Nsonga zitatu za chozunguliracho zimakhula khoma la chibowo nthawi zonse, ndipo tizitsulo totseka mpweya pansongapo tinkatha msanga. Umboni unali pafupi: kampani ya NSU inatulutsa galimoto ya Ro 80 mu 1967 yokhala ndi injini yotereyi, ndipo kusinthira makasitomala mainjini ofa msanga kunaidyera ndalama ndi mbiri yomwe. Vuto lachiwiri linali lovuta kulithetsa chifukwa linali m'kapangidwe kake. Malo oyakiramo moto ndi aatali, opyapyala, motero mafuta ena amatuluka osapsa. Galimoto imamwa kwambiri ndiponso utsi wake umaipa. Mu 1970 dziko la America, msika waukulu wa magalimoto odula, linakhwimitsa lamulo la utsi. Kenaka mu Okutobala 1973 maiko a Aluya ogulitsa mafuta anachepetsa katundu, mitengo n'kukwera koopsa. Munthu amene anagonapo pa mzere wa mafuta ku Balaka safuna kumufotokozera zimene zimachitikira galimoto yakumwa mafuta ngati mchenga pa nthawi yotere.

Otsutsa amati wogula galimoto yotere saganiza za mtengo wa petulo, ndipo Mercedes ikanangopanga zochepa za olemera okhaokha, monga inachitira ndi 300 SL ya zitseko zamapiko mu 1954. Amalozanso kampani ya Mazda ya ku Japan, imene inalimbikira ndi injini ya Wankel mpaka kutulutsa RX-7 mu 1978 n'kugulitsa bwino. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo n'zoona kuti ndalama zinalipo patebulo. Koma chimene Mercedes inkagulitsa kwenikweni chinali chikhulupiriro chakuti Benzi siitha msanga. Oyendetsa matakisi, alimi ndi maboma ankagula chifukwa cha mbiri imeneyo. Magalimoto ochepa chabe ofera pamsewu m'manja mwa anthu otchuka akanaipitsa dzina la magalimoto zikwizikwi amene ankadyetsa fakitale. Mazda inali ndi dzina loti ilipange, pamene Mercedes inali ndi dzina loti ilisunge, ndipo ngakhale Mazdayo inazunzika kwambiri ndi kukwera kwa mafuta kwa 1973.

Ena amabwera ndi mbali ina, amati ngati sinagulitsidwe ndiye kuti ndalama zonse zinapita m'madzi. Apa mpamene mbiri ya C111 imakoma, chifukwa mainjiniya sanaiponye kudzala. Anachotsa injini ya Wankel n'kuikamo ya dizilo ya masilinda asanu, imene m'galimoto wamba ya 1974 inkapereka akavalo 80 okha. Masiku amenewo dizilo ankatengedwa kuti ndi wa malole, mathirakitala ndi matakisi oyenda pang'onopang'ono, monga momwe ife timamudziwira pa chigayo. Ataiika turbo, chipangizo chimene chimazunguzidwa ndi utsi wotuluka n'kukankhira mpweya wambiri mu injini, mphamvu inafika pa akavalo 190. Mu Juni 1976, pa bwalo lozungulira la ku Nardò m'dziko la Italy, madalaivala osinthanasinthana anaiyendetsa usana ndi usiku pa liwiro la makilomita pafupifupi 250 pa ola. Mu Epulo 1978 ina yathupi lowongoka kwambiri, ya akavalo 230, inadutsa makilomita 300 pa ola n'kuswa marekodi asanu ndi anayi a dziko lonse. Chaka chomwecho Mercedes inayamba kugulitsa 300 SD ku America, galimoto yapamwamba yoyendera injini ya dizilo ya turbo ya banja lomwelo.

Sindikunena kuti dizilo aliyense wa turbo wodutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde anabadwa kwa C111. Malole ndi sitima zinali ndi turbo kale. Chimene galimotoyi inachita ndi kutsimikizira ogula magalimoto ang'onoang'ono kuti injini yosunga mafuta ikhozanso kuthamanga ndi kupirira. Banja la injini ya masilinda asanuyi linafalikira mu Africa m'Mabenzi a mtundu wa W123, amene ena ankalumikizidwa ku East London m'dziko la South Africa, ndipo amakaniko akale amawatchulabe mwaulemu chifukwa cholimba pa misewu yafumbi.

C111 yomaliza inathamanga ku Nardò mu Meyi 1979, ya petulo, masilinda asanu ndi atatu, n'kufika makilomita opitirira 403 pa ola. Zina mwa zimene zinatsala zimaonetsedwa kunyumba yosungirako mbiri ya Mercedes-Benz ku Stuttgart, ndipo kampaniyo sinagulitseko galimoto ya injini ya Wankel ngakhale imodzi.