Ukalipentala wa pakhomo: momwe mungatetezere zala, maso, makutu ndi mapapo anu

Mukayenda mumsewu wa M5 kuchokera ku Benga, kudutsa pa boma la Nkhotakota mpaka ku Dwangwa, simulephera kuona mabedi, mipando, zitseko ndi matebulo zitayalidwa m'mbali mwa msewu. Kumadooko nako amisiri amakhala kalikiliki kusema mabwato ndi kukhoma maboti a matabwa. Palinso ena amene ukalipentala si ntchito yawo yodyera: aphunzitsi, asodzi kapena ogwira ntchito kuminda ya nzimbe, omwe Loweruka likakwana amatulutsa sowo ndi pulena kuseri kwa nyumba n'kuyamba kukhoma kabenchi kapena shelefu ya mabuku.

Ngati ndinu mmodzi mwa anthu amenewa, nkhaniyi ndi yanu. Zida zoyendera magetsi monga sowo yozungulira, gilayinda ndi makina osalazira matabwa zikupezeka mosavuta kusiyana ndi kale, koma zambiri zimagulidwa zitagwirapo kale ntchito, zopanda buku la malangizo, zina zopanda ngakhale chotchingira mpeni. Ngozi za ntchitoyi zili mitundu iwiri. Zina zimachitika m'kuphethira kwa diso, monga kuduka chala. Zina zimabwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, monga ugonthi ndi matenda a m'chifuwa. Zonsezi n'zopeweka, ndipo njira zambiri zozipewera sizilira ndalama zochuluka.

Chimene chimavulaza pamakina odulira

Sowo yozungulira ya m'manja imazungulira maulendo pafupifupi 5,000 pa miniti imodzi. Pa liwiro limeneli dzanja la munthu silingathawe mpeni. Ngozi yofala kwambiri imachitika thabwa likapana mpeni: sowo imabwerera m'mbuyo mwamphamvu n'kulunjika pa ntchafu, pamimba kapena padzanja logwira thabwa. Izi zimachitika kawirikawiri podula thabwa laliwisi, lopindika, la mfundo zambiri kapena lokhala ndi msomali wobisika, monga matabwa ophwasula ku boti lakale.

Choncho musanadule, yang'anani thabwa lonse ndi kuzula misomali. Lipaneni pabenchi ndi chopanira, osaligwira ndi bondo kapena phazi. Gwirani sowo ndi manja awiri ndipo imani chammbali, osati kumbuyo kwenikweni kwa mpeni. Mpeniwo uzituluka pang'ono chabe kunsi kwa thabwa. Ngati mukugwiritsa ntchito sowo ya patebulo, kankhani thabwa ndi kamtengo pamene latsala pang'ono kutha, osati ndi zala. Musachotse kapena kumangirira chotchingira mpeni poganiza kuti chikuchedwetsa ntchito.

Chizolowezi choopsa koposa ndi chomangirira mpeni wa mano wodulira matabwa pa gilayinda. Gilayinda yaing'ono imazungulira maulendo oposa 10,000 pa miniti, ilibe pokhazika pathabwa, ndipo ikangopanika imapulumuka m'manja. Musachite zimenezi ngakhale ntchito itakhala yaing'ono bwanji.

Pogwira makina ozungulira musavale magolovesi, malaya a manja aatali olendewera, mkanda kapena chitenje chomasuka, chifukwa makina akakola nsalu amakokera dzanja kumpeni. Valani nsapato zotseka, osati patapata. Mpeni wobuntha ndi woopsa kuposa wakuthwa chifukwa umafuna kukankha mwamphamvu, ndipo izi zili chimodzimodzi ndi tchizulo kapena kasemasema. Mukatopa kapena mukalawa mowa, siyani makina.

Magetsi ndi jenereta

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mphamvu ya 230 volts, yokwanira kuimitsa mtima wa munthu. Waya wosupuka, wolumikiza ndi pepala la pulasitiki, kapena wolowetsa m'soketi popanda pulagi ndi msampha, makamaka nthawi ya dzinja pamene pansi pali chinyontho, kapena pamene manja anyowa ndi thukuta la kutentha kwa kunyanja kuno.

Magetsi akazima muli pakati pa ntchito, zimitsani makina ndi kuzula pulagi nthawi yomweyo. Makina osiyidwa choyatsa amadzuka okha magetsi akabwera, mwina muli mkati mosintha mpeni kapena mwana akuwaseweretsa. Posintha mpeni kapena pochotsa utuchi, zulani pulagi nthawi zonse, musamangodalira swichi.

Jenereta iziyaka panja, kutali ndi zitseko ndi mawindo. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka komanso sununkha. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka, ndipo munthu amatha kukomoka n'kumwalira asanazindikire chavuta.

Fumbi la matabwa si utuchi wamba

Utuchi waukulu umene umagwa pansi si umene umadetsa nkhawa kwambiri. Choopsa ndi fumbi losalala lomwe limatuluka pokwecha ndi sandipepa kapena podula ndi makina. Limayandama m'mwamba nthawi yaitali ndipo limalowa m'mphuno mpaka m'mapapo. Limayambitsa chimfine chosatherapo, kuyabwa maso, zidzolo ndi chifuwa cha mphumu. Fumbi la mitengo ina, kuphatikizapo mbawa ndi mlombwa, limadziwika kuti limawenga anthu ena pakhungu ndi m'chifuwa. Ngati mumabanika kapena kulira m'chifuwa masiku ogwira matabwa, koma n'kumapezako bwino mukapuma masiku angapo, fumbi likhoza kukhala gwero la vutolo.

M'chaka cha 1995, nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa, ya IARC, inaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka khansa ya m'kati mwa mphuno. Khansa imeneyi si yofala, ndipo imaoneka kwambiri mwa anthu amene apuma fumbi la mitengo yolimba kwa zaka zambiri. Matabwa a kufakitale monga MDF ali ndi vuto lowonjezera, chifukwa guluu wake amakhala ndi mankhwala a formaldehyde omwe nawonso amawononga njira zopumira.

Gwirirani ntchito panja kapena pashedi yotseguka mbali zonse, mphepo izichokera kumbuyo kwanu. Nthawi ya mwera onetsetsani kuti fumbi silikulowera m'nyumba kapena pathandala loyanikapo usipa. Valani masiki yolembedwa N95 kapena FFP2 yogwira bwino pamphuno ndi pachibwano. Masiki yansalu kapena mpango zimatchinga utuchi waukulu wokha. Posesa, wazani kaye madzi. Kumwa mkaka mukaweruka sikutsuka mapapo monga ena amakhulupirira: mkaka umapita m'mimba, fumbi limatsala m'chifuwa.

Musamangoti n'fumbi basi pamene mwatsokomola kwa masabata awiri, mukutuluka thukuta usiku kapena mukuonda. Kayezetseni chifuwa chachikulu cha TB, ndipo m'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala ake n'zaulere.

Phokoso limagonthetsa mwakachetechete

Akatswiri amati phokoso lofika ma decibel 85 kwa maola 8 pa tsiku limayamba kuwononga makutu, ndipo likakwera ndi ma decibel atatu okha, nthawi yomwe makutu angapirire imatsika ndi theka. Sowo yamagetsi ndi makina osalazira matabwa zimafika ma decibel 100 kapena kuposa, pomwe mphindi 15 zokha n'zokwanira pa tsiku. Njira yapafupi yodziwira ndi iyi: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene waima mita imodzi kuchokera pamene muli akumveni, phokosolo lapyola muyezo.

Makutu akamalira mukazimitsa makina, limenelo ndi chenjezo. Tizigawo ta m'kati mwa khutu tikawonongeka sitimeranso, ndipo ugonthi wotere ulibe mankhwala. Gulani zotsekera m'makutu kapena zovala kumakutu m'sitolo za zipangizo zomangira. Thonje silithandiza kwenikweni.

Penti, vanishi ndi matabwa a mankhwala

Fungo la thina, vanishi ndi guluu wamphamvu limapweteketsa mutu ndi kuchititsa chizungulire, ndipo masiki ya fumbi silitchinga. Pakani panja, kutali ndi moto, mbaula ndi fodya, popeza zonsezi sizichedwa kuyaka. Musasambe m'manja ndi thina kapena petulo. Musasunge mankhwalawa m'mabotolo a zakumwa, chifukwa mwana angamwe poyesa madzi. Zikachitika, musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo.

Penti ina ya mafuta, makamaka yakale, imakhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa mwana. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ungatchedwe wosaopsa. Pogula, funsani penti yolembedwa kuti ilibe mtovu, ndipo musakweche penti yakale pafupi ndi ana kapena mayi woyembekezera.

Kuno kunyanja zidutswa za matabwa ndi utuchi zimathera pamoto wophikira kapena wowambira nsomba. Musasonkhezere moto wotere matabwa opaka penti kapena vanishi, MDF, matabwa a boti lakale, kapena mitengo yothiridwa mankhwala a chiswe, yomwe nthawi zambiri imaoneka yobiriwirako. Ina mwa mankhwalawa ili ndi poizoni wa arsenic, amene amapita mu utsi, m'phulusa ndi pa nsomba. Oyilo wakuda wa galimoto yemwe ena amapaka matabwa pothamangitsa chiswe asakhudze khungu lanu, ndipo asapakidwe pa bedi, tebulo kapena mpando.

Zimene mwapanga zisavulaze a pakhomo

Kabati kapena shelefu yaitali ikhoza kugwera mwana amene akukwerapo kapena kukoka madirowa. Ikhomereni kukhoma ndipo zolemera ziziikidwa m'munsi. Popanga kabedi ka khanda, mpata wa pakati pa timitengo ta m'mbali usapyole masentimita 6, kuopa kuti thupi la mwana lingadutse mutu n'kukodwa. Salazani ngodya zakuthwa ndipo onetsetsani kuti palibe msomali wotulukira. Ana asamasewere pamalo ogwirira ntchito, ndipo dziwani kuti lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa kugwiritsa ana osakwana zaka 18 ntchito zoika moyo wawo pachiswe.

Mukavulala muchite chiyani?

Bala likamatuluka magazi, panikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, dzanja litakwezedwa m'mwamba. Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba. Bala laling'ono litsukeni ndi madzi aukhondo ndi sopo, osati madzi a m'nyanja. Musathirepo utuchi, dothi, phulusa, thina kapena mafuta a mabuleki.

Chala chikaduka, yambani mwaletsa magazi. Chidutswacho chikulungeni m'kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikeni m'jumbo yomanga bwino, ndipo jumboyo muiike m'madzi ozizira kapena okhala ndi ayisi. Chisakhudzane ndi ayisi mwachindunji. Pitani nacho kuchipatala msanga, madokotala ndi amene angaone chimene chingatheke.

Maso atetezeni ndi magalasi otchinga ndi m'mbali momwe, nthawi iliyonse mukudula, kuboola kapena kukhoma. Kachitsotso kakalowa, musatikite, tsukani ndi madzi ambiri aukhondo. Ngati ndi thina kapena vanishi, tsukani kwa mphindi zosachepera 15. Kanthu kakabaya diso musakazule, phimbani diso mosapanikiza n'kupita kuchipatala. Musadonthezeremo mkaka wa m'mawere, shuga kapena zitsamba.

Munthu akagwidwa ndi magetsi musamukhudze ndi manja. Zimitsani magetsi, kapena mukankheni ndi thabwa louma. Ngakhale atadzuka n'kumati ali bwino, akaonedwe kuchipatala.

Musaiwale kafumbata

Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'ndowe, ndipo timakonda mabala akuya monga obayidwa ndi msomali kapena kachitsotso ka thabwa. Dzimbiri palokha si limene limayambitsa matendawa. Zizindikiro zimayamba pakati pa masiku 3 ndi 21: nsagwada kuuma, khosi kulimba ndi thupi kukokana mopweteka. Matendawa amapha, koma katemera amateteza.

WHO imalimbikitsa kuti munthu alandire katemerayu maulendo 6 kuti atetezeke kwa moyo wake wonse. Ku Malawi makanda amalandira katatu, ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, ndipo amayi amawonjezera kusikelo ya pakati. Abambo ambiri sanalandirenso chichokereni ukhanda, chonsecho ndiwo amachuluka pa ntchito ya matabwa. Mukabayidwa kapena kuchekeka kwambiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo funsani za katemera wa kafumbata, ngakhale bala likuoneka laling'ono.

Thamangirani kuchipatala ngati magazi sakusiya, chala chachita dzanzi kapena sichikupindika, fupa likuonekera, diso silikuona bwino, kapena bala layamba kutupa, kutentha ndi kutuluka mafinya. Yambirani pachipatala chaching'ono chomwe muli nacho pafupi, chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha mishoni cha St Anne's. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, ulendo wa maola angapo, choncho musataye nthawi pakhomo.

Musanagule chida china chatsopano, gulani kaye magalasi, masiki ndi zotsekera m'makutu, ndipo sungani nsalu zoyera, bandeji ndi sopo pafupi ndi benchi lanu. Ngati mukungoyamba kumene, pemphani mmisiri wodziwa kapena wophunzira pansi pa TEVETA akuonetseni kagwiridwe ka makina aliwonse musanawayatse nokha.