Kuika mbaula kapena chitofu cha gasi m'nyumba yopanda chumuni ku Nyambadwe

M'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chakuta mzinda wa Blantyre, mabanja ambiri ku Nyambadwe, Namiwawa ndi Limbe amalowetsa mbaula m'nyumba kuti aziotha. Ena amatero kaamba ka kuzimazima kwa magetsi a ESCOM. Zina mwa nyumba zakale za m'maderawa zili ndi malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni, koma nyumba zambiri zamakono ndi za kumbuyo zilibe potulukira utsi.

Choopsa chachikulu si utsi wooneka ndi maso ayi. Makala akamayaka pamalo pochepa mpweya amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ngakhale mtundu, womwe umakakamira m'magazi kuposa okosijeni kopitirira ka 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka amafooka mpaka kulephera kudzuka. Yemwe ali mtulo samva chilichonse. Makala omwe asanduka ofiira ndipo asiya kufuka amatulutsabe mpweyawu, choncho chizolowezi choyatsira mbaula panja ndi kuilowetsa ikakolera sichiteteza munthu. Mbaula ya makala siyenera kugona m'nyumba, ndipo malo ake ndi pakhonde kapena m'khitchini ya panja.

Wofuna moto wa nkhuni kapena makala m'chipinda chochezera ayenera kukhala ndi chitofu chotsekeka chachitsulo, chokhala ndi paipi yotulutsira utsi yomwe imaboola khoma kapena denga ndi kupitirira msonga ya nyumba. Paipiyo isakhudze matabwa a denga kapena siling'i. Chitofucho chikhale pa simenti kapena njerwa, kutali ndi makatani, ndipo chipindacho chikhale ndi polowera mpweya posatsekedwa. Okhala m'nyumba za boma, za Malawi Housing Corporation kapena za lendi ayambe apeza chilolezo cha eni nyumba asanaboole khoma, ndipo kusintha kwakukulu pa nyumba kumafuna chivomerezo cha khonsolo ya mzinda wa Blantyre.

Gasi akamayaka bwino satulutsa utsi, n'chifukwa chake chitofu chake sichifuna chumuni, komabe chimafuna zenera lotsekula. Lawi likhale labuluu. Likasanduka lachikasu n'kumadetsa mapoto ndiye kuti chitofu chili ndi vuto. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya wamba, kotero akamatuluka amadikha pansi m'malo mouluka. Silinda iime chilili pamalo popita mphepo. Potulukira gasi amapafufuza ndi thovu la sopo, osati machesi, ndipo fungo likamveka munthu atseke silinda, atsekule zitseko ndi kupewa kukhudza switchi ya magetsi.

Malonda a gasi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2004, pamene la Malawi Bureau of Standards limaona za ubwino wa zipangizo. Kumbali ya makala, lamulo la zankhalango la mu 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso.

Munthu akapezeka atakomoka m'chipinda momwe muli mbaula, atulutsidwe panja msanga ndi kuthamangira naye kuchipatala, monga cha Queen Elizabeth Central, ngakhale atatsitsimuka, popeza mpweyawu umatha kuononga ubongo ndi mtima.