BERE LA MAI M'DZIKO LOPANDA NG'OMBE

Munthu wocokera ku Chipata akatsika mapiri kulinga ku Mfuwe, afika m'dziko la Akunda, limene eni ace alicha Malambo, ndipo m'mabuku a Boma lilembedwa Mambwe. Dziko limeneli liri ndi mafumu 6: Nsefu, ndiye wamkulu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Ndi dziko la njobvu, njati, mvuu ndi nsomba zambiri, koma kwa zaka zosawerengeka munalibe khola la ng'ombe m'menemo. Coletsa ng'ombe cinali kashembe, nchenche ija iyamwa mwazi wa nyama za m'chire ndi kupatsira ziweto nthenda yozipha. Cifukwa cace mwana wobadwa m'Malambo analibe mkaka wina, koma wa amace wokha. Ndipo mbiri ya kaleredwe ka makanda m'cigwa cimeneci ndiyo mbiri ya bere limenelo.

Akulu asimba kuti makolo a Akunda anacokera kumadzulo, naoloka Luangwa m'zaka za m'ma 1800. Mtsogoleri wao anali Mambwe, amene dzina lace lakhala dzina la boma. Anamanga midzi m'mbali mwa Luangwa ndi Lupande, nalima mapira, nasaka nyama, nagwira nsomba. Pambuyo pace Angoni a Mpezeni anakhazikika kumtunda ndi ng'ombe zao, ndipo m'midzi yao mkaka ndi cambiko sizinali kusowa. Koma ng'ombe yotsikira kucigwa sinakhalitse, inangoonda, nifa. Mbuzi zinalipo pang'ono, koma sunali mwambo wa anthu kuzikama. Tsono mkazi akamwalira pobala, kapena akadwala kwambiri, khanda lace linali pakati pa moyo ndi imfa.

Pokhala m'dziko lotere, makolo anachinjiriza bere ndi miyambo yolimba, yofanana ndi ya anansi ao Acewa ndi Ansenga. Mkazi akacira, anakhala m'cikuta pamodzi ndi mwana kufikira mcombo utagwa. Masiku amenewo sanapite kumadzi kapena kumunda. Azamba ndi abale ace acikazi ndiwo anamphikira ndi kumtumikira, ndipo nchito yace inali imodzi, kuyamwitsa. Ataturuka, mwana sanacoke pathupi pa amace. Kumunda anapita naye m'mbereko, usiku anagona naye pamphasa imodzi, ndipo akangolira anampatsa bere, osawerenga maora. Anayamwa cotero kufikira atayenda ndi kuyamba kulankhula, ndiye kuti zaka ziwiri kapena kupitirirapo. Madokotala anadzapeza pambuyo pace kuti pamenepa makolo analasa ndithu: mwana akayamwa kawiri-kawiri bere lipanga mkaka wambiri, ndiponso kuyamwitsa usana ndi usiku kucedwetsa mkazi kutenga pakati pena.

Panalinso lamulo la m'nyumba. Mwamuna ndi mkazi anayenera kudziletsa miyezi yambiri, kufikira akulu atawalola kutenga mwana monga mwa mwambo. Mkazi wotenga pakati mwana wace asanalimbe anati watumbiza, ndipo manyazi ace anagwera onse awiri, pakuti anthu anakhulupirira kuti mkaka wa mkazi wapakati ngwoipa, namcotsa mwanayo kubere msanga. Mwana wotere anamucha nthumbidwa. Ndipo mai akamwalira, khanda silinatayidwe. Popeza Akunda atsata mtundu wa kucikazi, mwanayo anali wa mbumba yonse; mbale wa malemuyo amene anali ndi mwana woyamwa anamlandira, ndipo nthawi zina ambuye ace omwe anamuika kubere kufikira mkaka utabwera. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe sunali wongokometsa pakamwa m'dziko limeneli.

Komatu si zonse zimene makolo anacita bwino. M'madera ambiri anthu anaopa cithuwi, mkaka wacikasu uja uturuka masiku oyamba, namaufinyira pansi poyesa kuti ngwonyansa. Cikhalireco ndiwo mankhwala oyamba a mwana, omchinjiriza ku matenda. Ambiri anayamba kumwetsa khanda madzi, mankhwala a zitsamba ndi phala lamadzi lisanafike miyezi itatu, makamaka m'nyengo yotentha ya October, poganiza kuti liri ndi ludzu. Sanadziwe kuti mkaka wa m'bere uli ndi madzi okwanira, pafupi-fupi magawo 9 mwa 10, ndi kuti madzi a kumtsinje ndiwo analowetsa matenda otseguka m'mimba. Ndipo mwana atasiya bere, cakudya cace cinali phala lopanda kanthu, makamaka kuyambira January kufikira March, pamene nkhokwe zatha ndipo mitsinje yasefukira m'minda. Ana ena anatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi nilifiira, ndipo akulu anati ndi mdulo, naimba mlandu makolo ace.

Nthenda imeneyi inafotokozedwa bwino m'dziko lina lakutali. M'caka ca 1933 dokotala wamkazi, Cicely Williams, amene anali kugwira nchito ku Gold Coast, dziko lochedwa Ghana tsopano, analemba za ana otupa cotere, ndipo mu 1935 anaichula nthendayo ndi dzina la eni dziko lakuti kwashiorkor, ndilo kunena nthenda ya mwana amene walandidwa bere ndi mng'ono wace. Dzina limeneli lifanana kwambiri ndi liu lija la nthumbidwa. Anthu a ku Gold Coast ndi a ku Malambo anaona cinthu cimodzi. Cimene dokotalayo anaonjezapo ndi cakuti gwero lace ndi cakudya coperewera, ndi kuti mwana wotere akhoza kucira akadyetsedwa bwino.

M'zaka zimenezo moyo wa m'cigwa unali utayamba kusandulika. Msonkho wa Boma la Azungu unatumiza amuna ku Southern Rhodesia ndi ku migodi, ndipo akazi anatsala okha ndi khasu ndi ana. Kwa Msoro kunafika mishoni ya U.M.C.A., kumene wansembe Leonard Kamungu anagwira nchito kufikira imfa yace mu 1913. A Dutch Reformed Church anatsegula Kamoto mu 1928, ndipo cipatala ca St. Francis ku Katete cinayamba mu 1948. Zipatala zinapulumutsa akazi ambiri amene akadafa pobala, ndiponso ana amasiye ena anakula ndi mkaka wa m'zitini pansi pa maso a anamwino. Mu 1938 Boma linapatula dera lalikulu kutsidya la Luangwa likhale losungira nyama, ndipo malamulo a ulenje anacepetsa ndiwo zimene zinali kufika m'mbale za ana.

Mkaka wa m'zitini uja, umene unali mankhwala a ana amasiye, unasanduka malonda. Masitolo anaugulitsa pamodzi ndi mabotolo, ndipo pa zitini panali zithunzi za ana onenepa. Akazi a m'matauni ndi a anthu ophunzira anayamba kuyesa botolo cizindikilo ca kutukuka, ndipo obwerera kumudzi anadza nayo nzeru imeneyi. Koma botolo lifuna zinthu zitatu: ndalama zogulira citini sabata ndi sabata, madzi oyera owiritsa, ndi potsukira pabwino. M'cigwa, m'mene anthu anatunga madzi pofukula mcenga wa mumtsinje, ndipo mkaka wosungunula unasasa msanga ndi kutentha, zitatu zonsezi zinasowa. Mai pofuna kuti citini cikhalitse anacurukitsa madzi. Mwana anatseguka m'mimba, naonda. Ndipo pofuna kubwerera kubere anapeza litauma, pakuti bere losayamwidwa lileka kupanga mkaka.

Cicely Williams yemweyo anacenjeza za ngozi imeneyi ku Singapore mu 1939, koma anammvera ndi owerengeka. Mu 1973 magazini ya ku England yochedwa New Internationalist inaonetsa cithunzi ca manda a khanda m'Zambia, pamwamba pace pali botolo ndi citini ca mkaka, zimene mai wace anaikapo monga cuma ca mwanayo. Mkangano unakula m'maiko ambiri, kufikira mu May 1981, pamene msonkhano wa bungwe la za umoyo la dziko lonse, lochedwa WHO, unabvomereza malamulo oletsa kunyengerera amai ndi malonda a mkaka wa makanda. Maiko 118 anabvomera, ndipo limodzi lokha, United States, linakana. Zambia inaika malamulo ace okakamiza pa nkhani imeneyi mu 2006.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linakhazikitsa mu 1967 bungwe loyang'anira za zakudya, National Food and Nutrition Commission, ndipo amai anazolowera kupita ndi ana kusikelo mwezi ndi mwezi. Khadi la mwana linaonetsa poyera cimene ciri coona m'maiko ambiri osauka: mwana woyamwa akwera bwino miyezi yoyamba, ndipo ayamba kutsalira pamene phala lalowa. Mu 1991 WHO ndi UNICEF anayambitsa nchito yakuti zipatala ziike mwana kubere m'ora loyamba atabadwa, ndi kuti mai agone pamodzi ndi khanda lace. Mu 2001 anagwirizana kuti mwana ayamwe bere lokha, popanda madzi kapena phala, miyezi 6, ndi kupitiriza kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina kufikira zaka 2 kapena kuposa.

Ciyeso cacikulu koposa cinadza ndi Edzi, imene inadziwika m'Zambia mu 1984. Zitadziwika kuti kacirombo ka HIV kakhoza kupita kwa mwana m'mkaka, amai anagwidwa njakata: kuyamwitsa kunali ndi ngozi, kusayamwitsa kunalinso ndi ngozi. Mwambo woyamwitsa mwana wa mbale unafooka. Madokotala ena anaganiza kuti njira yabwino ndiyo kumletsa mwana bere mwadzidzidzi atafika miyezi 4. Nzeru imeneyi inayesedwa ku Lusaka pa amai 958 okhala ndi kaciromboka, ndipo zotsatira zace, zimene zinafalitsidwa mu 2008, zinaonetsa kuti kuletsa msanga sikunapulumutse ana; amene anali nako kale kaciromboko anafa ambiri akaletsedwa msanga. Yankho linapezeka m'mankhwala a ARV. Mu 2010 WHO inalangiza kuti mai wa HIV ayamwitse alikumwa mankhwala, ndipo mu 2013 Zambia inabvomereza kuti mai ali yense wapakati wopezeka nako ayambe mankhwalawo ndi kumwa moyo wace wonse. Mai akamwa mokhulupirika tsiku ndi tsiku, ngozi yopatsira mwana icepa kwambiri.

Kuwerenga kwa Boma kuonetsa umo zinthu zinasinthira. Mu 1992, mwa makanda 100 osafika miyezi 6 m'Zambia, oyamwa bere lokha anali ngati 10. Mu 2007 anali 61, ndipo mu 2018 anali 70. Koma m'caka comweco ca 2018 ana 35 mwa 100 osafika zaka 5 anapezeka opinimbira. Pamenepa paoneka kuti nkhondo yatsala pa mbale ya phala. Cigwa ca Luangwa ciri nazo zolimbitsa phalalo: nsinjiro, nyemba, nsomba zouma zosinja, mazira, nkhwani, ufa wa malambe ndi mango pa nyengo yace. Mwana wa miyezi 6 afuna phala lolimba, losayenderera pasupuni, kawiri kapena katatu pa tsiku, m'mbale yace-yace, ndipo bere lisacoke. Mai akatenga pakati pena, mkaka wace suipa iai. Akhoza kuyamwitsabe, iye mwini alikudya bwino.

Alimi ocokera kumtunda alowa m'madera ena a Mambwe ndi ng'ombe zao, kotero kuti dzikoli silirinso lopanda khola monga kale. Komabe mkaka wa ng'ombe suyenera kulowa m'malo mwa bere kwa khanda, pakuti unapangidwira mwana wa ng'ombe. Anyamata ndi asungwana otsiriza sukulu, amene mawa adzakhala makolo, aphunzitsi ndi akalaliki, ayenera kusankha bwino pa colowa cimene alandira. Kutaya cithuwi ndi kumwetsa khanda madzi nzoyenera kuleka. Koma cikuta cinapatsa mai mpumulo, ndipo mbumba inamcotsera mtolo. Zimenezi cipatala sicingathe kupereka. Mkazi woyamwitsa afuna womtungira madzi, womtemera nkhuni ndi womsiyira ndiwo m'mbale, ndipo pamene ambuye ali kutali, nchito imeneyi igwera mwamuna wace.