Dzina la Blantyre Lidachokera Kuti?

Mukafunsa anthu pamsika wa Ndirande kapena pasiteji ya minibasi ku Bangwe kuti dzina la Blantyre limatanthauzanji, ambiri angoyankha kuti ndi dzina la Azungu. Akunena zoona, koma nkhani yake ndi yotalikirapo. Blantyre ndi dzina la mudzi wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi mzinda wa Glasgow. Lidafika kuno chifukwa cha mwana wa m'banja losauka amene ankakonda mabuku kwambiri.

Mwanayo anali David Livingstone. Adabadwa pa 19 March 1813 m'nyumba ya chipinda chimodzi, pamalo pomwe pankakhala antchito a fakitale yopota thonje. Atangokwanitsa zaka 10 adayamba ntchito yolumikiza ulusi wodukaduka pamakina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Akaweruka ankapita kusukulu yausiku, ndipo masana ankatsamiritsa buku pamakina kuti aziwerenga uku akugwira ntchito. Khama limeneli lidamufikitsa pa maphunziro a udokotala ndi umishonale. Mu 1857 adatulutsa buku la maulendo ake lotchedwa Missionary Travels and Researches in South Africa, lomwe lidamutchukitsa ku Ulaya konse. Mu 1859 adakwera mtsinje wa Shire, adaona nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Malawi, adaonanso nkhanza za malonda a akapolo. Adamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia.

Imfa yake idadzutsa mipingo ya kwawo. Mpingo wa Church of Scotland udatuma Henry Henderson kuti akafune malo omangapo mishoni. Sadayende yekha. Womasulira wake anali Tom Bokwito, mwana wa dziko lino amene adapulumutsidwa ku ukapolo ali mnyamata, ndipo ndi iye ankalankhula ndi eni nthaka. Awiriwa adakonda dera lozizira la pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, kumene kunali mitsinje yosaphwa ngati Mudi. Mfumu Kapeni ya Ayao idawalandira, ndipo mu October 1876 mishoni idayamba. Amishonalewo adaitcha Blantyre pokumbukira kwawo kwa Livingstone, amene anali atamwalira kale zaka zitatu mmbuyomo.

Poyamba dzinali linali la mishoni chabe. Lidafalikira amalonda atabwera. Abale awiri, John ndi Frederick Moir, adafika ndi kampani ya African Lakes mu 1878. Magalasi a m'maso a John ankanyezimira padzuwa, anthu n'kumutcha Mandala, dzina lomwe lidatsalira pa nyumba yosanja yomwe adamanga mu 1882 ndi dera lonselo. Mu 1895 Blantyre idakhala ndi khonsolo yake, mu 1956 idalumikizana ndi Limbe, ndipo mu 1966 idakhala mzinda.

Chosangalatsa n'chakuti dzinali lidabwera limodzi ndi mabuku. M'busa David Clement Scott, amene adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi amisiri a konkuno, ankakhala pansi ndi anthu kumvetsera malankhulidwe awo, miyambi ndi miyambo yawo. Mu 1892 adatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja, ndipo Alexander Hetherwick adaikonzanso n'kuitulutsa mu 1929. Pamishoni panali makina osindikizira mabuku, ndipo mu 1909 padatsegulidwa sukulu ya Henry Henderson Institute, yomwe tonse timangoti HHI. Lero m'nyumba ya Mandala muli laibulale ya Society of Malawi, yosunga mabuku ndi zithunzi zakale za dziko lino.

Komabe nthaka iyi sidali yopanda mayina. Dzina la Kabula, lomwe anthu amatchulira mzindawu mpaka pano, ndi la phiri la komweko. Ndirande ndi Bangwe adatenga mayina a mapiri amene maderawa ali m'munsi mwake. Machinjiri ndi dzina la ufumu, monganso Kapeni. Zingwangwa ali patsinde pa Soche, Chilomoni watsamira Michiru. M'madera amenewa ndi mmene mudakhazikika anthu ogwira ntchito m'mafakitale, m'masitolo ndi m'nyumba za m'tauni, ochokera ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi kutali konse. Blantyre ndi dzina la pamapu ndi pakalata, koma munthu akafunsidwa komwe amakhala amatchula phiri kapena mfumu.

Apa m'pamene pali ntchito yathu. Mbiri ya dzina lochokera ku Scotland idasungika bwino chifukwa idalembedwa, ndipo nyumba yomwe Livingstone adabadwiramo idasanduka yosungiramo zakale mu 1929. Mbiri ya mayina a mapiri ndi madera athu ili m'mitu mwa mafumu ndi agogo, amene akutha tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri apite ndi ana ku mishoni ndi ku Mandala, koma awatumenso kwa akuluakulu a m'madera mwawo ndi kope ndi cholembera, kuti zomwe amve zilembedwe m'Chichewa eni nkhani akadali moyo.